Tisathamangire kugula batire lalikulu, vuto lili m'kati mwa kachipangizo

Mvumbi wa mu February chaka chino unasiya mkangano womwe sunazirale mpaka lero m'makalabu a alimi a fodya a mbali ya ku Chamama ndi ku Wimbe. Makalabu angapo anasonkherana ndalama n'kugula tizipangizo ta sola toika m'mabalani owotchera fodya. Ntchito ya kachipangizo kotere ndi kuyeza kutentha ndi chinyezi, kuliza belu kutentha kukapyola muyezo, ndiponso kutumiza uthenga pa foni ya mwini balani. Dzuwa litabisala masiku atatu otsatizana, tizipangizo tambiri tinazima pakati pa usiku, ndipo ena amene anatidalira n'kugona tulo anadzuka fodya atawonongeka. Kuchokera pamenepo, pa misonkhano ya makalabu, m'magulu a WhatsApp, ngakhale pa mzere wodikira ku msika wa fodya wa Chinkhoma, mawu ndi amodzi: tisonkhenso tigule mabatire akuluakulu ndi mapanelo otambalala. Ine ndikukana. Ndakhala ndikukonza zipangizo za sola ndi mafoni pa boma la Kasungu pano kwa zaka zambiri, ndipo tizipangizo tinayi mwa timeneti tinafika pa tebulo langa. Batire lilibe mlandu. Chinalakwika ndi momwe wolemba pulogalamu anagwiritsira ntchito memory yaing'ono yomwe ili m'kati mwa chip, kaubongo ka kachipangizoko, choncho ndalama zathu zipite kwa wopanga amene amadziwa kusamala memory imeneyi, osati kwa wogulitsa mabatire.

Ndiyambe ndafotokoza za memory imeneyi, chifukwa ambiri akamva mawuwa amaganiza za kakhadi kosungira nyimbo m'foni. Taganizirani mayi akuphika nsima. Mthiko, chipande ndi mbale ya ufa zili pambali pa mafuwa, akangotambasula dzanja azipeza. Thumba la ufa lili m'nyumba, ayenera kudzuka kuti akatape. Chimanga chili m'nkhokwe, ndipo kuti chikhale ufa mpaka ulendo wa ku chigayo. Kachipangizo nako kali ndi malo osungiramo zinthu otalikirana chomwecho. M'kati mwenimweni mwa chip muli memory yotchedwa SRAM, yofulumira koma yochepa kwambiri, ndiyo mbale ya pambali pa mafuwa ija. Pa tizipangizo tambiri, kunja kwa chip kumakhala flash, yomwe siiwala ngakhale moto uzime koma imachedwa, ndipo pa zipangizo zikuluzikulu monga foni kumakhalanso DRAM, memory yaikulu koma yokhala kunja kwa chip. Ulendo uliwonse wokatenga kanthu kunja kwa chip umadya moto. Mu 2014, Mark Horowitz wa pa yunivesite ya Stanford anaonetsa ziwerengero zomwe akatswiri amazitchulabe mpaka pano: kutenga nambala ku DRAM kumadya mphamvu yoposa ka 100 poyerekeza ndi kuitenga mu SRAM yaing'ono ya m'kati mwa chip, pomwe kuwerengetsa kwenikweniko, monga kuphatikiza manambala awiri, kumadya kochepetsetsa kuposa zonsezi. Ndiye kuti chimamaliza moto si kuganiza ayi, koma maulendo okatapa ufa, komanso kukhala maso pa nthawi yomwe palibe chochita.

Tsono nazi zomwe ndinaona ndi maso anga. Nditamasula kabokosi koyamba, munatuluka fungo la utsi, m'ngodya muli tinyerere touma, ndipo pakati pa bolodi panali ESP32, chip yopangidwa ndi kampani ya Espressif ya ku Shanghai. Chip imeneyi ndi yabwino ndipo ndimaigwiritsa ntchito inemwini. Ili ndi SRAM yokwana 520 KB (KB imodzi ndi mabayiti 1,024, timiyezo ta kukula kwa memory), komanso imatha kugona tulo tofa nato, kuzimitsa pafupifupi chilichonse n'kusiya kachigawo ka memory ka 8 KB kali maso, ndipo pa nthawi imeneyo imadya pafupifupi 10 µA basi (µA ndi mA ndi miyezo ya moto womwe chipangizo chikudya, ndipo 1,000 µA ndi 1 mA). Koma nditalumikiza mita yanga pakati pa batire ndi bolodi, manambala anangoima cha pa 50 mA, usana ndi usiku womwe, osatsika. Batire linali la mtundu wa 18650, lolembedwa 2,500 mAh, womwe ndi muyezo wa moto womwe limasunga. Mwana wa sitandade 7 angawerengetse: 2,500 kugawa ndi 50 ndi maola 50, masiku awiri ndi pang'ono. Kenako ndinachotsa batire n'kulibwezera, ndipo kachipangizoko kanali kataiwala zonse, ngakhale tsiku lomwe fodya analowa m'balani. Apa ndi pamene ndinagwira pagona vuto. Wolemba pulogalamu anaunjika zonse mu SRAM yaikulu ija, yomwe imafufutika chip ikagona, ndiye poopa kuti kangaiwale anangokaletsa kugona.

Akanachita bwanji? Muyezo umodzi wa kutentha ndi chinyezi umakwana mu mabayiti 4. Mu 8 KB muja mungalowe miyezo yoposa 2,000, yomwe ndi ya maola oposa 30 ngati kachipangizo kayeza kamodzi pa mphindi iliyonse. Choncho kakanatha kumadzuka sekondi imodzi pa mphindi, kuyeza, kuika nambala m'kachigawo kosagona kaja, n'kugonanso, kenako kamodzi pa tsiku kusamutsira mulu wonse ku flash ulendo umodzi. Pa dongosolo lotere kakanamadya pansi pa 1 mA tikatenga pakatikati, ndipo batire lomwe lija likanakhala pafupifupi miyezi inayi. Ndikudziwa kuti mauthenga a pa foni, tinyali ndi zina za pa bolodi zimadyako gawo lalikulu. Komabe ngakhale titachotsapo magawo atatu mwa anayi, tikukamba za mwezi wathunthu wopanda dzuwa, pomwe fodya amatha pafupifupi sabata imodzi m'balani.

Amene akufuna mabatire akuluakulu sakuyankhula zopanda mutu, ndipo mfundo yawo ndiimva. A tcheyamani a kalabu ina anandiuza pa tebulo langa lomwelo kuti, "Achimwene, ife za m'katimo sitizidziwa. Chomwe taona n'choti moto unatha. Mtsuko ukachepa umagula waukulu." Ndinawayankha kuti, "Zoona bambo, koma mtsuko wanuwu sunachepe, ndi wobooka." Kugula batire n'kosavuta, limapezeka pa boma pompano, ndipo munthu amaona ndi maso chomwe walipira. Koma tiyeni tiwerengetse. Batire lowirikiza kawiri lipereka masiku anayi m'malo mwa awiri, pomwe mvumbi wa kuno umatha kukhala sabata yathunthu. Kuti lidzadze msanga dzuwa likatuluka pafunikanso panelo lalikulu, ndipo panelo lalikulu pa denga la balani lomwe lili kutali ndi nyumba limaitana akuba. Kuwonjezera apo, batire lokhala pafupi ndi khoma lotentha limakalamba msanga, ndiye pakatha nyengo ziwiri mudzasonkhanso. Zonsezi ndi katundu wochokera kunja, ndipo aliyense akukumbukira momwe mitengo inadumphira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Pulogalamu yolembedwa bwino imalipiridwa kamodzi, n'kukoperedwa pa tizipangizo chikwi popanda kuitanitsa kanthu kunja, pomwe batire limagulidwa pa balani lililonse, mobwerezabwereza.

Mfundo yachiwiri ikuchokera kwa achinyamata ophunzira za makompyuta, ndipo ndi yokopa kuposa yoyamba ija. Iwo akuti masiku ano memory ndi yotchipa, ndiye palibe chifukwa chovutikira ndi timabayiti. Akuti tiike kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi kapena foni yakale m'balani, zokhala ndi memory ya ma GB, vuto la kuchepa kwa malo litheretu. Zoti malo adzachuluka n'zoona. Chomwe akuiwala n'choti memory imadya moto ngakhale isakugwira ntchito. DRAM imasunga nambala m'timatumba ta magetsi tomwe timachucha, choncho imayenera kudzazidwanso mosalekeza, kawirikawiri mamilisekondi 64 aliwonse, ndiko kuti kambirimbiri pa sekondi imodzi, apo ayi iiwala. SRAM nayo, yomwe kachidutswa kalikonse kamamangidwa ndi ma transistor 6, imachucha moto pang'onopang'ono nthawi yonse yomwe ili yoyaka, ndipo kuchuchako kumakula kukatentha, monga mmene kumakhalira pa khoma la balani. N'chifukwa chake opanga ma chip ambiri amakono anagawa SRAM m'zigawo zomwe zimazimitsidwa chilichonse pachokha, kuti wolemba pulogalamu wanzeru asonkhanitse zofunika m'chigawo chimodzi n'kuzimitsa zotsalazo, ngati mmene timazimitsira nyali m'zipinda zopanda anthu. Raspberry Pi 4 ikangokhala osachita kanthu imadya mawati awiri kapena atatu. Imeneyo ingamalize batire la a tcheyamani lija usiku umodzi usanathe.

Palinso china chozama pa ma chip amphamvuwa, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Kachipangizo ka m'balani sikagwira ntchito imodzi. Kamayeza, kamalemba, kamaonetsa manambala, kamasaka netiweki, kamadikira kuliza belu, zonsezi mosinthanasinthana pa chip imodzi ndi memory imodzi. Ma chip akuluakulu amayendetsa memory yawo ya pafupi m'njira yotchedwa cache, momwe chip imangoganizira yokha zomwe zifunike posachedwa n'kuzibweretsa pafupi. Zili ngati mwana wothandiza pophika amene amangoona chomwe mayi agwira posachedwa n'kumachiika pambali pa mafuwa, n'kuchotsapo chomwe chakhalitsa. Pa mphika umodzi mwanayo amathandiza kwambiri. Koma miphika ikachuluka, pamene mayi atembenukira ku ndiwo mwana amachotsa mthiko kuti aikepo mchere, ndipo nsima ikayamba kupsa mthiko uli kutali. Ntchito iliyonse ikalowa imathamangitsa katundu wa inzake, ndipo inzakeyo ikabwerera iyenera kukatapanso kunja, kudya moto ndi nthawi. Njira ina ndi yotchedwa scratchpad, momwe wolemba pulogalamu amasankha yekha chokhala pafupi, n'kunena kuti mthiko suchoka pano zivute zitani. Mu 2002, Rajeshwari Banakar, Peter Marwedel ndi anzawo a ku Delhi ndi ku Dortmund anayerekeza njira ziwirizi n'kupeza kuti scratchpad imadya mphamvu yochepa ndi pafupifupi 40 peresenti, komanso imatenga malo ochepa ndi 34 peresenti pa chip, chifukwa ilibe zida zofufuzira ngati chinthu chilipo kapena kulibe. Phindu lina, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa moto, ndi loti nthawi imadziwika. Cache imafulumira masiku ambiri koma tsiku loipa simungalidziwe, pomwe ndi scratchpad mungawerengetse chisanachitike kuti ntchito yoliza belu ikachedwetsetsa idzatenga nthawi yakuti.

Apa pamabwera mfundo yachitatu, yomwe mnzanga wina wa ntchito yomweyi anandiponyera. Iye akuti balani si ndege. Kutentha kumakwera pang'onopang'ono, kuchoka pa madigiri 35 kapena 40 pomwe tsamba likusanduka lachikasu kufika cha pa 70 pomwe mitsitsi ya tsamba ikuuma, ndiye kuchedwa kwa kachigawo ka sekondi kulibe kanthu. Pamenepa ndikuvomereza, pa balani mamilisekondi sapsereza fodya. Komabe kusasamala memory sikuchedwetsa ndi mamilisekondi okha. Pulogalamu ikamabwereka ndi kubweza timalo ta memory mwachisawawa, pakapita masiku malo otsala amakhala oduka-duka ngati munda wogawidwa kwa zidzukulu, oti ukaphatikiza ndi waukulu koma palibe mzere umodzi wautali. Tsiku lachinayi kapena lachisanu ntchito ina ikapempha malo n'kumanidwa, kachipangizo kamakomoka n'kuyambiranso, ndipo ngati kanali kosasunga bwino, kamadzuka kosadziwa kuti fodya ali pa gawo liti. Kachitatu mwa tinayi tija kankachita zimenezi batire lili lodzadza. Palinso nkhani ya ntchito kudikirana. Mu July 1997, chombo cha Pathfinder chili pa Mars chinayamba kumazima n'kuyambiranso chokha, chifukwa ntchito yosafunika kwenikweni inagwira malo ogawana, ntchito yofunika kwambiri n'kumaidikira mpaka nthawi kutha. Akatswiri anakonza potumiza kusintha kwa pulogalamu kuchokera pansi pano, sanatumize batire. M'balani, zofanana ndi zimenezi ndi pamene ntchito yoliza belu ikudikira ntchito yosaka netiweki, ndipo amene amakhala kumidzi kuno akudziwa kuti netiweki imatha kusowa ola lathunthu.

Komanso tisaganize za mabalani okha. Tizipangizo ta mtundu womwewu tikulowa m'mapampu a sola a m'madimba a m'mbali mwa Bua ndi Dwangwa, momwe madzi akaphwa pampu iyenera kuzimitsidwa msanga isanapse. Tikulowa m'mafiriji a katemera m'zipatala zazing'ono, momwe kuzizira kuyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo mbiri ya usiku wonse ikafufutika palibe angadziwe ngati katemerayo akadali wabwino. Pa ESP32 yomwe ija, nthawi yomwe chip ikulemba kapena kufufuta flash, mbali ya pulogalamu yomwe imakhala mu flash siyenda, imayenda yokhayo yomwe inaikidwiratu mu SRAM ya m'kati. Wolemba wodziwa amaika ntchito yoteteza pampu m'katimo. Wosadziwa amaisiya kunja, ndipo adzadziwa tsiku lomwe mota yapsa. Tikazolowera kulandira zolembedwa mosasamala pa fodya, tidzazilandiranso pa madzi ndi pa katemera.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi yachinayi, ndipo sindingaipeputse. Akuti luso limeneli ndi losowa, kulemba pulogalamu motere kumatenga nthawi, ndipo kachipangizo kolembedwa bwino kadzakwera mtengo kuposa kamene kalabu inagula. Zonsezi n'zoona. Kusankha chokhala m'kati ndi chokhala kunja, kupatsa ntchito iliyonse malo ake okhazikika kuyambira pachiyambi, kuwerengetsa nthawi ya tsiku loipitsitsa, ndi ntchito yotopetsa yomwe sioneka pa chithunzi chotsatsira malonda. Koma yankho langa lili pawiri. Poyamba, kukwera mtengoko tikuyerekeze ndi mtengo wa batire, panelo ndi balani limodzi la fodya wowonongeka, osati ndi mtengo wa kabokosi kokha. Kachiwiri, lusoli silili kumwamba. FreeRTOS, pulogalamu yoyendetsera ntchito zambiri pa chip yaing'ono yomwe Richard Barry anaiyambitsa mu 2003, ndi yaulere ndipo imalola kugawa memory mokhazikika. Arduino Uno yomwe ana a sukulu amaphunzirira ili ndi SRAM ya 2 KB yokha, ndipo palibe mphunzitsi wa kusamala woposa ameneyo. Kabolodi komweko kamaphunzitsanso kuti memory yosaiwala imatha: EEPROM yake imapirira kulembedwa pafupifupi ka 100,000, ndiye ukamalemba malo amodzi mphindi iliyonse wawononga m'masiku 70. Mwana amene wawononga kabolodi kamodzi motere sadzaiwalanso.

Ndipo Kasungu si malo oti tizinena kuti zoterezi si zathu. William Kamkwamba anapanga makina ake a mphepo ku Wimbe konkuno ndi zidutswa zotola. Mu June 2017, boma ndi UNICEF anatsegula pa bwalo la ndege la Kasungu dera loyeserapo ma drone, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa ku Lilongwe. Drone ndiye chitsanzo chenicheni cha zomwe ndikunenazi, chifukwa siingathe kunyamula batire lolemera ndipo ntchito yoigwira kuti isapendekeke siingadikire inzake. Pempho langa kwa aphunzitsi a ku MUBAS, MUST ndi Mzuni ndi loti mwana asamalandire malikisi chifukwa choti kachipangizo kake kayaka pa tsiku loonetsa, koma aziyika mita pa batire pamaso pa onse.

Alipo akuluakulu ena omwe akuti tizipangizoti tingotayidwa, poti makolo athu ankawotcha fodya ndi chikhatho pa khoma ndi diso pa tsamba. Malume anga ali m'gulu limeneli, ndipo fodya wawo amatuluka bwino. Koma ndinawaonapo akugona pa chiguduli pakhomo pa balani sabata yathunthu, akudzuka kanayi usiku uliwonse, ndipo ana awo sadzachita zimenezo. Tizipangizo tibwera ndithu, funso ndi loti tibwere totani.

Mlimi sayenera kudziwa SRAM kuti adziteteze. Pa msonkhano wa makalabu ukubwerawu ndikapempha kuti ndalama zomwe zasonkhedwa kale za mabatire ziyambe zasungidwa, ndipo wogulitsa aliyense, kuphatikizapo amene anatigulitsa poyamba uja, abweretse kachipangizo kamodzi. Tikakaphimba panelo lake ndi thumba la feteleza n'kukasiya m'nyumba ya a msungichuma masiku 10. Tsiku lachisanu tikachotsa batire kwa mphindi imodzi n'kulibwezera, tione ngati kakukumbukira tsiku ndi miyezo ya dzulo. Tsiku lomaliza tikachotsa SIM khadi, n'kuviika kamutu koyezera m'kapu ya madzi otentha, a mlembi ali ndi wotchi m'manja kuwerenga masekondi mpaka belu lilire. Mita yanga ndibwera nayo.